Mota Ndaipsereza Ndine

Cuamba, 20 Novembala 1995

Kwa mlongo wanga Margarita, ku Itepela,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Ndifuna kumva za moyo wanu ndi wa alamu anga, ndiponso ngati mwendo wanu uja unaleka kutupa. Ine m'thupi ndili bwino. Zina sizili bwino.

Mukudziwa kuti chibwerere kuchokera ku Malawi ndinapatsidwa ntchito yoyang'anira pampu ya magetsi imene imakoka madzi m'chitsime ndi kuwakweza m'thanki ya bairo lathu, dera limene tikukhala. Mabanja oposa mazana awiri amamwa pamenepo, ambiri ndi obwerera ngati ife. Anandisankha chifukwa ku kampu ya othawa nkhondo ndinasunga mjigo zaka zisanu osawonongeka.

Lachiwiri lapitali mota ya pampuyo inapsa. Woipsereza ndine.

Amene anaika makinawo anandisiyira pepala la Chipwitikizi. Sindinawauze kuti Chipwitikizi sindiwerenga. Ndinalipinda ndi kuliika m'Baibulo. Motayo ndinaisamala monga ndinkasamalira mjigo ndi ngolo ya malemu bambo athu: m'mawa uliwonse ndinkapopera girisi m'timabowo take tiwiri mpaka atulukire m'mbali. Itayamba kutentha ndinayesa kuti yauma, ndinawonjezera. Itayamba kulira ngati chigayo chopanda chimanga, ndinawonjezeranso. Kenaka kunamveka fungo la waya wopsa, panatuluka utsi, inazima.

Aphunzitsi a Alfredo, oyandikana nawo nyumba, andiwerengera pepalalo dzana. Likuti girisi akhale wochepa, kamodzi pa miyezi itatu. Wochuluka amatenthetsa marolamento, timagudumu tija timene chitsulo cha pakati chimazungulirapo, ndipo amalowa m'mawaya. Anawerenga osandiyang'ana kumaso. A komiti ya madzi akuganizabe kuti magetsi ndiwo anabwera mwamphamvu. Loweruka ndidzawauza zoona.

Mvula yayamba. Azimayi abwerera kukatunga kumtsinje, kumunsi kwa pamene anthu amachapa. Ana atatu a m'nyumba za pafupi akutsegula m'mimba, ndipo mmodzi, wa mayi Suzana, sakuyamwanso. Mayiwo amandipatsa moni tsiku ndi tsiku, nandifunsa mwaulemu kuti madzi abwera liti.

Mmisiri wa kuno anaitsegula motayo, nati mawaya onse afunika kukulunga mwatsopano, iye ntchitoyo saidziwa, tidikire wa ku Nampula chikapita Chaka Chatsopano. Ana aja sangadikire mpaka pamenepo. Iye yemweyo anati kufupi kuno wodziwa kukulunga mota ndi mmodzi, wokonza zigayo ku Mandimba, dzina lake Amidu. Sanadziwe kuti akunena mwamuna wa mwana wanga Cecília.

Inu munalipo ku kampu tsiku limene ndinabweza Amidu pakhomo, ndi kunena kuti Cecília akakwatiwa ndi Msilamu asadzanditchulenso bambo. Zaka zinayi zatha, sindinawalembere ngakhale mzere umodzi. Kalata yanga akhoza kuing'amba osaiwerenga, ndipo sindingawadzudzule. Koma inu Cecília amakumverani.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikafika musadikire Lamulungu. Kwerani njinga kapena galimoto iliyonse yodutsa, mupite ku Mandimba. Manambala olembedwa pachitsulo cha motayo ndawakopera kuseri kwa pepalali monga alili, mukamuonetse Amidu. Abwere ndi waya ndi marolamento awiri. Mukamuuze zonse, ndi za girisi zomwe, musandibisire manyazi. Akafuna kuti ndipepese pamaso pa abale ake, ndidzapita ku Mandimba kukapepesa nditavula chipewa. Akakana kuona nkhope yanga, ndidzasiya kiyi wa pampu kwa a Alfredo ndi kuchoka m'bairo mpaka atamaliza ntchito. Asawakanire ana awa madzi chifukwa cha ine.

Moni kwa alamu anga, kwa azakhali athu ku Massangulo, ndi kwa ana anu onse. Mukaperekenso moni kwa mwana wanga Cecília, kwa mkamwini wanga Amidu, ndi kwa mdzukulu wanga, amene ndinangomva kuti ndi wamkazi. Mundilembere dzina lake.

Ine mlongo wanu,
Samuele Jailosi