Mafarolo Achikasu

Lachinayi, mwezi wa Julho. Lero mtima uli dyokodyoko!

Ndinapita kwa amesitiri kukasankha mafarolo, magetsi akutsogolo a mota yanga, njinga yamoto ya mateyala anayi ija, poti Loweruka kuli mpikisano wausiku ku Ntengo-Wambalame. Ine ndimafuna oyera, othobwa m'maso aja. Amesitiri anangoseka: "Iwe, amenewo ndi a pamsewu wa phula. Nkhungu ya Tsangano ikatsika, udzangoona khoma loyera." Ndinanyinyirika, komabe ndinatenga achikasu.

Nkhungu itatsika madzulo, ndinawayesa panjira ya kumunda wa mbatatesi, momwe mpikisanowo umadutsa. Chulu chimene chinandigwetsa pampikisano wa chaka chatha ndinachionera patali, n'kuchizemba bwinobwino!

Mlamu wanga, amenenso adzapikisana nawo, wagula oyera. Ndimuuze Loweruka lisanafike? Ndi bambo wa ana a mchemwali wanga, inde. Komatu mmene anandisekera pagulu nditagwa muja...