Chingwe cha ku Marlow Bend

Lolemba, 11 Juni 1956

Jacksonville tamaliza, tili pamsewu. M'galimoto muno mukununkha thukuta ndi mafuta a tsitsi a Lucius. Purvis akuyendetsa ngati mmene amaimbira ng'oma, dzenje lililonse mpaka aligunde. Zolemba zanga ngati papalasa nkhuku.

Loweruka tikaimba kwathu, ku Marlow Bend. Ndadziwa lero, ndipo akuti L., Lucius uja, ndiye anapempha yekha. Mlongo wanga yemweyu, amene anachokako ndi gitala wobwereka ndi malaya a pathupi, akufuna abwerere ndi suti yofiira kuti anthu akamuone.

"Akakuone ndani? Amayi sakulankhula nawe."

"Achemwali, inu yanu ndi piyano. Zolosera musiyire aneneri."

Anangoseka.

Amayi chifukwa ali nacho. Nyimbo imene yamutchukitsa L. ndi ya kutchalitchi kwathu, ija malemu Bambo ankayambitsa Lamulungu lililonse, "Nditsegulireni, Ambuye". Iye anachotsa Ambuye n'kuikapo Verna, n'kuithamangitsa ngati sitima yopanda mabuleki. Verna kulibenso, dzinalo linangokwana bwino. Amayi anaimva pa wailesi m'khitchini mwa a Dabney, kumene amaphika, ndipo kuyambira tsiku limenelo mwana wawo ndine ndekha. Ine amene ndimaigunda pa piyano tsiku ndi tsiku! Akuti ine ndiye ndikungomuyang'anira.

Lachiwiri, 12 Juni

Valdosta, m'nyumba yosungiramo fodya. Kutentha kosaneneka.

Ndamuyang'anitsitsa L. lero ngati munthu wachilendo. Amayamba motsitsa, kung'ung'udza ndi pakamwa potseka ngati dikoni. Chala chachikulu chikugunda nsambo zapamwamba, phazi lamanzere likupondaponda. Anthu amaganiza kuti ndi nyimbo yachisoni. Kenako amakuwa, kukuwa kuja kochokera kuzidendene, Purvis n'kugwera pa ng'oma, basi zatha. Maondo pansi, gitala kumsana, kenako ali pamwamba pa piyano yanga. Nsapato zake zinatsala pang'ono kundiponda zala. Ndamuuza kuti tsiku lina ndidzamuluma kachakolo.

Chingwe pakati pa holo monga mwa masiku onse, azungu uku, athu akuda uku. Ana a mbali zonse ziwiri akuvina mofanana, akuberana mapondedwe poyang'anizana. Wapolisi waima pa chingwepo, nkhope ngati wamwa mankhwala owawa, koma phazi lake ndinaliona likuvina.

Sindinadye.

Lachitatu, 13 Juni

Mwini holo ya kwathu, a Stroud, aimba lamya. Ndinayankha ndine chifukwa L. anali akusamba.

Akuti mkulu wa apolisi, Tolliver, wamva za ife. Walola, koma kuimba kukhale masana, dzuwa lisanalowe tikhale tatseka. Woimba aime malo amodzi. Kugwada ayi, kukwera piyano ayi, kugwedeza chiuno ayi. Chingwe chikangogwa, tonse tikagona m'chitolokosi.

Kenako a Stroud anatsitsa mawu. "Ardella, mayi ako amakhala m'nyumba ya a Dabney. Tolliver ndi a Dabney amapita kokasaka limodzi. Ndikungokuuza."

Ndamufotokozera L. ali ndi thaulo m'chiuno. Ndati tisinthe, tipite ku Macon, holo zilipo. Wayenda m'chipindamo uku ndi uku, madzi akudontha.

"Ndithawe kwathu? Kumene ndinakwirira Bambo?"

"Iwe ukaimba n'kuchoka. Amayi akatsala."

Wavala, watuluka, wabwera ndi mapichesi m'thumba, sanadye ngakhale limodzi.

Lachinayi, 14 Juni

M'mawa wonse L. akuphunzira kuima chilili patsogolo pa galasi. Purvis anamuika botolo la soda pamutu. Ndime yoyamba isanathe botolo lasweka.

"Mkulu, kuli bwino tikumangirire pamtengo," akutero Purvis. "Tikauze anthu kuti ndi kavinidwe katsopano ka ku Chicago."

Tinaseka mpaka misozi.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Ndasita suti yofiira, ndaisitanso. Ndasita ngakhale masokosi a Purvis. Manja sakufuna kukhala.

Lachisanu, 15 Juni

Tafika. Palibe chasintha, nsanja ya madzi, chigayo cha thonje, agalu omwe aja. Chithunzi cha L. chamatidwa pa sitolo ya mankhwala, wina wachiboola maso.

Tolliver anatidikirira pa holo. Wakalamba, mimba yakula. Maso ake pa L.

"Si iwe mwana wa Ozella? Unkandipukutira nsapato paja."

"Inde, bwana."

"Akuti masiku ano umakuwa ngati nkhumba yophedwa, azungu n'kumakulipira."

"Amatero, bwana."

"Mawa uime ngati mzati, mnyamata iwe. Ndikhala kutsogolo."

Ndinaona khosi la L. likufufuma. Ndinamutsina pamkono mpaka zikhadabo zinalowa.

Kenako kunyumba. Amayi anali pakhonde akusenda nyemba, epuloni ya a Dabney ikadali m'chiuno. Anandikumbatira, kundigwira masaya, akuti ndaonda. L. ataima pamasitepe, chipewa m'manja, munthu amene atsikana amang'amba malaya ake ku Atlanta.

"Amayi, ndabwera."

Iwo maso pa ine. "Ardella, umuuze mlongo wako kuti chakudya chili pa chitofu. Sindiphikira galu, ndaphikira mwana wa malemu."

Nkhuku yokazinga, buledi wa chimanga, masamba ophika ndi nyama ya nkhumba. Zonse zimene iye amakonda, aphika dzulo ndi lero. Anadya ataimirira m'khitchini, yekha.

Potsuka mbale ndinawafunsa ngati abwere mawa. Akuti kukaona chiyani, nyimbo ya Ambuye itavulidwa? Ndawauza za Tolliver, kuti L. walonjeza kuima malo amodzi chifukwa cha iwo ndi nyumbayi. Anasiya mbale m'madzi.

"Wamuuza ndani kuti andisungire nyumba?"

"Palibe. Ndine ndinati..."

"Wauza mwana wanga kuti aweramire Tolliver m'dzina langa?"

Mwana wanga. Sanadzimve kuti anena. Atenga mbale ina, aitsuka, inali yotsuka kale.

Loweruka, 16 Juni, m'mawa

L. anapita kumanda yekha. Wabwera maondo ali dothi lokhalokha. Sindinamufunse.

Loweruka, dzuwa litangolowa

Ndili pakhonde la Amayi. Ndilembe msanga mutu usanasokoneze.

Holo inadzaza mpaka m'mawindo. Chingwe chatsopano, chokhuthala, cha ku chigayo. Tolliver kutsogolo ndi anyamata ake, zibonga m'manja.

L. anaima ngati mmene anamuuzira. Mapazi pamodzi, gitala pamimba, suti yofiira ili phee ngati ili pa chopachikira. Anaimba bwinobwino, mawu onse m'malo mwake, koma munalibe munthu m'katimo. Ana akuyang'anana. Mnyamata wina wa mbali ya azungu anakuwa kuti, "Ameneyu si yemwe uja wa pa chimbale!" Ena anaseka. Tolliver anasekanso, n'kupinda manja. Ine ndikuimba piyano ndikulira, sindikudziwa kuti ndikulirira ndani.

Anayamba Verna. Kung'ung'udza kuja, motsitsa. Pofika pamene amakuwa, anameza. Anangodutsapo.

Ndipamene ndinamva mawu kumbuyo kwa holo, mawu amene ndingawadziwe ngakhale ndili m'manda.

"Lucius Gaither!"

Amayi. Chipewa cha kutchalitchi, diresi loyera la chigwirizano. Anthu akuwapatukira.

"Bambo ako anaimbapo nyimbo imeneyo ngati munthu wodwala m'mimba? Waiba, waiba. Ndiye uiimbe!"

Ndipo anayamba kuwomba m'manja, kuwomba kwa kutchalitchi kuja, kotsalira pang'ono m'mbuyo. Amayi achikulire a mbali yathu anawatsatira. Purvis anandiyang'ana, ine ndinayang'ana L.

Anakuwa. Sindinamumvepo akukuwa choncho, ngakhale ku Atlanta. Mawindo analira. Maondo pansi, kenako pa piyano, ine ndikugunda ndi zigongono zomwe. Amayi akuimba mawu akale pamwamba pa mawu ake, iye Verna, iwo Ambuye, ndipo zinkagwirizana, Mulungu andikhululukire, zinkagwirizana.

Chingwe sindinaone amene anachigwetsa. Ndinangoona kuti kulibe, ndipo Lorna, mwana wamkazi wa a Dabney, amene Amayi anamulera kuyambira ali wakhanda, wagwirana manja ndi mtsikana wa kwathu, akuzungulira, nsapato wataya.

Tolliver anazimitsa magetsi. Gitala anafa, chimkuzamawu chinafa. Koma piyano ndi ng'oma sizidya magetsi, manja a anthunso ayi. Tinapitiriza. Wapolisi wina anakwera pansanja n'kumenya Purvis chibonga padzanja. Ndinamva kulira kwa fupa. Ng'oma inaleka. Anthu anayamba kuthawira kuzitseko, mipando kugwa, ana kulira.

Apolisi anamutenga L. Sanalimbane nawo, anangopereka manja. Akutuluka naye anatembenuka kufunafuna Amayi m'chipwirikiticho. Anali ataima pomwe paja, chipewa chapendekeka.

Purvis ali mkatimu, zala ziwiri zathyoka, dokotala wa kwathu wazimanga. Akuti, "Osadandaula, achemwali, ndinkafuna tchuthi." Nkhope yatuwa. Ng'oma ndiyo moyo wake wonse, ndipo dokotala sanalonjeze kanthu.

A Stroud apita kukachonderera Tolliver. Amayi akusesa khonde limene asesa kale.

Lamulungu, 17 Juni

Apolisi anamutulutsa L. m'mawa, diso latupa, suti yang'ambika paphewa. Mawu a Tolliver ndi akuti belu la tchalitchi likamalira tikhale titatuluka m'boma lake, ndipo tisadzapondemonso.

Tisanamwe n'khofi yemwe, galimoto ya a Dabney inaima pamsewu. Mayi Dabney sanatsike. Anaitana Amayi pawindo, chipewa cha kutchalitchi chili kumutu, maso ofiira. Sindinamve zonse. Ndinamva dzina la Lorna, ndinamva "manyazi", ndinamva "nyumba ikhale yopanda munthu pofika mawa". Amayi anaphikira banja limenelo kuyambira ine ndisanabadwe. Anangoti, "Ndamva, dona. Nyama ya lero ili m'firiji, musaiwotche kwambiri."

Analowa m'nyumba, ife tikuwatsatira ngati anapiye. L. anagwada pakhomo la kuchipinda.

"Amayi, ndakuphetsani. Nyumba, ntchito..."

Sanamuyang'ane. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Baibulo la Bambo, madiresi, chiwaya chachitsulo atachikulunga m'nyuzipepala. Zina zonse akuti anansi agawane. Anatuluka kuseri, anaima pa mtengo wa pichesi umene Bambo anadzala, anaugwira ndi dzanja, basi. Kumanda nthawi inalibe.

Tsopano tili pamsewu wa ku Macon. L. akuyendetsa ndi diso limodzi. Purvis ali pambali panga kumbuyo kuno, dzanja m'mwamba, akugona kapena akunamizira. Amayi akhala kutsogolo, msana uli njo, chikwama pamiyendo. Galimoto ya apolisi inatitsata mpaka pa mlatho, kenako inabwerera. Amayi sanacheuke ngakhale pang'ono. Ine ndinacheuka mpaka nsanja ya madzi inabisika m'mitengo.

Sindikudziwa kuti tigona kuti, sindikudziwa kuti Lachiwiri aimba ng'oma ndani.

Titadutsa minda ya thonje, Amayi anakonza chipewa. Ndinadikira kuti ati, Ardella, umuuze mlongo wako. Koma anatembenukira kwa iye.

"Lucius."

"Wawa, Amayi."

"Ndime yachiwiri ukuithamangira. Bambo ako ankapuma kaye pamenepo, anthu ayankhe."

L. anagwedeza mutu. Misozi ikutsika m'diso lotupa lija, galimoto ikupita kudzenje.

"Yang'ana msewu, iwe," anatero Amayi. "Tayamba, ndimve."