Seva ya Kosindikiza Yatiyimbira

Lolemba, 3 Malichi

A Mkonzi avomera. Akuti ndiyese kutumiza masamba a nyuzipepala yathu kosindikiza kudzera pa intaneti. Zikatheka, zokwera minibasi masana aliwonse, fulashi ya masambawo ili m'chikwama, zatha. Ndizikamutenga ndekha mwana wanga kusukulu. Panopa amabwera ndi aneba. Sindinamuuze, kuopa kumunamiza.

Lachiwiri, 4 Malichi

Kapulogalamu kanga kalumikizana ndi seva ya kosindikiza, kompyuta yawo yolandira mafayilo. Dzina yalandira, mawu achinsinsi yalandira. Koma fayilo osapita. Zii.

Ndayimbira achikulire aja amene amandilandira fulashi kumeneko. Akuti seva yawo ndi yamakedzana, imadziwa njira ya akitivi yokha. Ife tiziiuza adiresi ndi khomo la kompyuta yathu, iyo n'kutiyimbira kudzatenga fayilo. Laibulale, zida zokonzakonza zimene ndalembera pulogalamuyi, imayambira pa pasivi, pomwe oyimba ndife. Ndiye aliyense kudikira mnzake ngati chibwenzi chokwiyitsana. Ndaseka ndekha mpaka a Mkonzi kusuzumira pakhomo.

Lachinayi, 6 Malichi

Pasivi ndinazimitsa dzulo, mzere umodzi basi. Osathekabe. Ndinabwera kunyumba mutu ukuwawa, mwana atagona pa mpando ndi yunifolomu.

Lero ndachipeza. Pulogalamu imauza seva adiresi yathu ya m'kati mwa ofesi, imene wakunja sangaipeze. Ndaika yakunja, ndasankha makomo ochepa oti iziyimbirapo. Otsegula makomowo pa fayawolo, mpanda woteteza makompyuta athu, ndi a Chisoti, a zanetiweki. Anayamba kukana, akuti nyumba yotsegula imalowa mbava. Ndawanyengerera ndi tiyi. "Seva yawoyo yokha, wina aliyense ayi," anatero, chisoti chili m'maso.

Lachisanu, 7 Malichi

Yadutsa! Tsamba loyamba, lachiwiri, onse. Foni ya achikulire: "Mwanawe, masamba ndikuwaona apa. Iweyo uli kuti?" Ndinati ndili pa mpando wanga. A Chisoti avina pakati pa ofesi, ndipo sadziwa kuvina.

Lolemba, 10 Malichi

Pageti la sukulu. Amayi anzanga osandidziwa n'komwe, wina kundifunsa ngati ndine azakhali a mwana wanga. Mwanayo atandiona anaima kaye. Kenako liwiro, chikwama chikugunda kumsana. Funso loyamba, kodi mwachotsedwa ntchito? Tayenda wapansi, akundionetsa galu amene amamuopa, mtengo umene amapumirapo, mnzake wa mano otuluka. Zonsezi sindimazidziwa.

Lachinayi, 13 Malichi

Mafayilo akupita okha. Achikulire ayimba, osati za ntchito. Akuti masana amatsukabe makapu awiri, kuzolowera kumwa nane tiyi. "Makina akowa ndi abwino, koma sapereka moni."

Ndawauza kuti Loweruka tikubwera ndi mwana adzaone mmene pepala limalowera loyera n'kutuluka ndi nkhani. Mwanayo wasankha kale diresi. Akufunsa ngati aziwaitana agogo, ndipo ine ndamuuza kuti inde.