Makina Awiri Sanakwane

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Bulawayoko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti mayi miyendo ikuwavutabe.

Kuntchito zinthu zatithina. Paja makompyuta atatu a mu ofesi mwathu ndiwo amatulutsa makadi a chakudya a anthu othawa nkhondo ku Mozambiki. Mwezi wathawu abwana anandifunsa kuti, "Ntchito ikubwerayi ifuna makina angati?" Tinaona kuti anthu owoloka malire achepa, ndiye tinagwirizana kuti awiri akwana. Enawo anawatumiza ku Chikwawa.

Koma inu mukudziwa, anthu athu akathawa sathamangira ku ofesi. Amafikira kwa abale n'kumadya nawo mwakachetechete. Mapira atatha m'nkhokwe, onse anatulukira nthawi imodzi. Makina awiri aja anagwira ntchito osapuma, ndipo ndi kutentha kwa kuno ku Nsanje, amodzi anazima. Munthu wopanda khadi salandira ufa, achimwene, ngakhale mwana wake akomoke pamzere.

Pamzere womwewo ndinaona azakhali athu a ku Mutarara, ku Mozambiki, amene akhala kwa mayi chiyambire dzinja. Anandikodola n'kunena kuti, "Mwananga, kodi makina akowo sakundidziwa?" Ndimawapatsa moni m'mawa uliwonse, koma powerengera ntchito ija sanabwere m'mutu mwanga.

Dzulo abwana afunsanso za mwezi wamawa. Ndawauza kuti ayembekeze, ndikayambe ndaona amene akugona pakhonde kwathu.

Chonde tumizani mankhwala a mayi, ndi bulangete la azakhali. Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Zuze