Msinkhu wa Apongozi

Lachiwiri, 14 Meyi

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yayamba kukumverani. Kuno tili bwino, mdzukulu wanu wagulula dzino ndipo akuonetsa aliyense wodutsa.

Munafunsa za maphunziro a ku holo aja. Mkamwini wanu anasiyadi zaulonda, tsopano ndi kalipentala wa setifiketi yake. Lachisanu lililonse timapita tonse kukaphunzira kasamalidwe ka ndalama kwa mphunzitsi wina amene tinamupatsa dzina loti a Bajeti, poti ngakhale moni amachita kuumira. Iwowa anatiuza kuti, "Wabizinesi weniweni sadikira kasitomala. Amadziwa chimene munthu adzafune asanafike pakhomo." Ife tinalemba m'makope basi, koma mkamwini wanu anawameza mawuwo.

Mipando yake sinkayenda malonda, inangodzaza pakhonde mpaka nkhuku kumagonapo. Ndiye anayamba kukhoma mabokosi a maliro. Ine sindinakondwe nazo, koma njala, Amayi, ndinangotseka pakamwa.

Loyamba analikhoma lalitali zedi, popanda womutuma. Ndinamuseka kuti, "Kodi mukufuna kuikamo mlongoti?" Sabata isanathe, wosoka nsapato wa pamphambano, bambo wamtali uja munkamupatsa moni, anagwa n'kumwalira ali pantchito. Analowamo ndendende, osatsala mpata ngakhale wa chala. Bokosi lachiwiri linali lalifupi koma lotambalala, ndipo vanishi asanaume, mayi wonenepa wogulitsa makala anatisiya. Kufika lero palibe bokosi limene lagonapo sabata mu shedi yathu.

Ku holo a Bajeti anamuimika kutsogolo. "Taonani mnzanu, katundu wake sakhalitsa! M'manja!" Anthu anaomba, ine manja anangoti zii pamiyendo.

Musaganize kuti mkamwini wanu ndi munthu woipa. Ndinamufunsa za mabokosiwa akudya, iye anasiya mbale n'kuyamba kulira. Akuti sadziwa kanthu, akangogwira sowo manja amadula okha, mwini wake wa bokosi amamudziwira pamaliro. Koma masiku ano akamapereka moni amayang'ana munthu kuyambira kumapazi mpaka kumutu, milomo ikugwedera ngati akuwerengera. Anthu ayamba kulambalala njira ya kwathu. Ndikuopa, Amayi, ndikuopa zedi.

Dzulo m'mawa ndikusesa utuchi mu shedi, iye anaima ndi thabwa latsopano, pensulo ili kukhutu. Osandiyang'ana n'komwe anati, "Mayi a mwana, apongozi aja msinkhu wawo ndi wotani? Ndaiwala."

Aka kanali koyamba kufunsa za munthu. Tsache linandigwa m'manja.

"Mukufuna mutani nawo?"

"Kaya. Zangondibwerera."

Inu mukudziwa kuti mumandilekeza paphewa. Ndikanakana kuyankha akanakumbukira yekha, mutu wake ndimaudziwa. Ndiye ndinaimirira bwinobwino, ndinaika dzanja pamwamba pa mutu wanga, ndinati, "Ali ngati ine ndendende." Anatulutsa tepi m'thumba n'kundiyeza, kenaka analemba pathabwa. Pamene ndikulemba pano ndikumva hamala, wafika pa chivundikiro.

Musandikalipire. Mwina zonsezi ndi mantha chabe a munthu wamkazi, mwezi wamawa tidzaseka. Ulendo wobwera kuno munkanena uja muyambe mwaimitsa, ndipo mkamwini wanu akakuimbirani foni musachedwe naye.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu. Muwauze achemwali kuti diresi yobiriwira ankaisirira ija atha kudzatenga, ndaichapa kale. Mdzukulu wanu ndimukweza basi Loweruka, mukamuchingamire ku depoti. Sagona nyale itazima, ndipo tsitsi lake limafuna kupesa lili lonyowa, apo ayi amalira. Akamakula muzimuuza kuti mayi ake anali aatali kuposa inu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Mzime