Miyala itatu m'dziwe la ku Likhubula

Loweruka, Okutobala. Miyendo ikuphwanya, mtima nawonso sunakhazikike.

Lero a kwaya tinanyamuka kuno ku Bangwe pa minibasi kukaona mathithi a ku Likhubula, ku Mulanje. Ndinapita ndi amuna anga ndi mwana wathu Tereza. Kanjira kake n'kokwera, kodutsa m'chigwa cha miyala yoterera, moti ndinayamika kuti masiku ano akazi tikuvala mathalauza.

Titafika padziwe, Tereza anathamangira kumadzi. Bambo ake anamugwira mkono: "Dikira kaye, mama." Anatola miyala itatu n'kuponya m'madzimo, monga amachitira kwawo ku Nsanje poopseza ng'ona. Anzathu anafa nako kuseka: "Achimwene, ng'ona ingakwere phiri?" Inenso ndinaseka nawo.

Amuna anga analowa ndi zovala zomwe, n'kuima m'madzi ozizira ngati a m'furiji, maso ali kwakuya, milomo ikunjenjemera, mpaka mwana atatopa kusambira.

Zinandibwerera m'maganizo tili m'minibasi. Dzina la Tereza tinatengera mlongo wa amuna anga amene anagwidwa ndi ng'ona mu Shire, iwo akuona. Ndinawafunditsa chitenje changa. Pepani wanga sanatuluke pakamwa, kaya mawa...