Mizere itatu ya a Deputi

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ndikhulupirira mpongozi wanu, amake Rozina, munamulandira bwino. Mvula ino ndi yachiwiri chimuikireni m'manda.

Kuno ku Mphuka chimanga chinapsa ndi dzuwa. Mapira otsala kumunda wakumtunda njovu zinadya theka. Mlongo wanga Esinati anabereka mwana wamkazi ndipo anamutcha dzina lanu. Akulira kwambiri, koma ali bwino.

Chimene ndalembera ndi Rozina, mdzukulu wanu. Anakhoza giledi 12, ndipo akufuna kupita ku koleji ya unesi. Fomu yake ili ndi malo awiri amene atisowetsa mtendere. Pena akufuna alembe zimene ankachita kusukulu kunja kwa kalasi. Pena akufuna kalata ya mphunzitsi womudziwa bwino.

Malo oyambawo ali mbee, ndipo wolakwa ndine. Rozina anali mu kwaya ndi mu kalabu ya sayansi. Amake atagonekedwa m'chipatala ku Katondwe, ndinamuuza asiye zonsezo. Kwa miyezi yambiri akaweruka ankapalasa njinga kupita kuchipatala, kukawasambitsa ndi kuwamwetsa phala. Fomu itabwera anandifunsa kuti, "Ndilembe chiyani apa, Atate? Kuti ndinkachapa nsalu za amayi?"

Za kalata, iye anati tikapemphe a Madamu Sakala, mphunzitsi wachitsikana wa ku Petauke, amene ankamubweretsera manotsi mpaka ku wodi. Ine ndinakana. Inu munkandiuza kuti ndikafika pakhomo la eni ndiziyamba kupereka moni kwa akulu, ndiye ndinavala jekete ija ya ukwati n'kupita kwa a Deputi, achiwiri kwa ahedi a pasukulupo. Anandilandira mwaulemu. Anafunsa dzina la mwana kawiri, n'kulemba mizere itatu, n'kudinda chidindo. Anandiwerengera kuti Rozina ndi wachete, sanavutepo, ndipo sapezeka m'zochitika za sukulu.

Amayi, ine ndinaomba m'manja. Ndinayesa akumutama. Si mmene munatilerera, kuti mwana wabwino samveka?

Rozina anaiwerenga ataima pakhomo. Sanalire. Anangoti, "Atate, apa alemba kuti sandidziwa." Anaipinda bwinobwino, n'kutenga chigubu kupita kumjigo.

Pali china chimene sindinauze munthu, ngakhale abambo mfumu. Nditamvetsa kuti kalatayo singamuthandize, mtima wanga unapepuka pang'ono. Ndinaganiza kuti a ku koleji akamukana adzakhala pano, ndipo m'nyumba muno mudzamvekabe mapazi a munthu wina. Ndinachita manyazi mpaka chakudya chinandikanika. Paja munkanena kuti ine ndikamaopa chinthu ndimachita ulemu wambiri. Jekete ija ndinaivalira mantha.

Mafomu akutseka Lachisanu. A Madamu Sakala anawasamutsira kusukulu ya kufupi ndi Kavalamanja, ndipo foni yawo sikugwira. Mawa m'mamawa ndinyamuka pa njinga. Sindikudziwa ngati ndikawapeza, kapena ngati angalembe atamva kuti poyamba ndinawalambalala chifukwa ndi aang'ono. Ndikawauza zoona, ndipo ndikapepesa.

Madzulo ano ndamuuza Rozina kuti pamalo opanda kanthu paja alembe za ku Katondwe, zonse, ndi nsalu zomwe. Wati sakufuna kugulitsa matenda a amake kuti apeze malo. Ndamuyankha kuti amake akanamugwira dzanja n'kulembetsa okha. Sanavomere, koma bolopeni imene ndinamupatsa sanabweze.

Mukamuona amake Rozina, mumuuze kuti mwana ndinamuchedwetsa kamodzi, sindibwerezanso. Akamutenga ku koleji, ndidzamunyamulira ndekha chikwama mpaka pa basi, ndipo sindidzamufunsa kuti abwera liti. Za nyumba yachete ndidzaziona ndikabwerako.

Ndimakukondani monga kale.

Ine mwana wanu,
Zuze